Kwa achimwene a ku Lizulu amene mwaitanidwa ku intavyu ya cybersecurity (chitetezo cha makompyuta ndi intaneti)

Achimwene, mwati kampani yaikulu yakunja yakuitanani sabata ziwiri zikubwerazi, ndiye mukufunsa kuti muwerenge chiyani komanso ngati satifiketi ya Security+ ikwanira. Ine mpando umenewo ndaukhalapo kawiri, ndipo koyambako ndinagwa chagada.

Satifiketiyo ntchito yake yatha, yakufikitsani pakhomo. Makampani ngati Google, Amazon ndi Microsoft amayamba ndi kucheza nanu pafoni, kenako mafunso a ukadaulo, pomaliza anthu anayi kapena asanu motsatizana, aliyense mphindi 45 mpaka ola.

Ulendo woyamba ndinaloweza matanthauzo ngati ndikukalemba MSCE. Atandifunsa zimene zimachitika munthu akalemba adiresi mu browser, ndinatchula DNS, TCP, TLS (njira zimene kompyuta imapezera webusaiti n'kulumikizana nayo motetezeka) bwinobwino n'kukhala duu, kudikira kuti anditame. Mayi wofunsayo anangoti, nanga wakuba angalowere pati pamenepo? Kukamwa kunauma gwa. Ndinayamba kupeka, iwo n'kumangolemba. Anthu amenewa amakumba dala mpaka afike pamene nzeru zanu zathera, chifukwa akufuna aone zimene mumachita mukafika pamenepo. Nenani kuti apa sindikudziwa, koma ndikanayamba ndi kuona chakuti. Ganizani mokweza, amve mmene mutu ukuyendera.

Ndipo musadziderere kuti ndinu a kumudzi. Akakuuzani kuti mufufuze ziopsezo pa sisitimu yolipirira, kumbukirani amayi ogulitsa kabichi ndi kachewere pa Lizulu pomwepo. Foni yalira, wina akuti ndatumiza ndalama molakwitsa, bwezani. Wina wapangitsa simu ina pa nambala yawo. Wina wasuzumira PIN pamene akutapa ndalama kwa ejenti. Mukatha kufotokoza kuti wakubayo akufuna chiyani, alowera pati, inu mutseka bwanji, ndiponso kuti kutsekako kuwavutitsa motani amayiwo, ndiye kuti threat modelling mukuidziwa. STRIDE ya Microsoft, mndandanda wa mitundu ya ziopsezo, ingokuthandizani kusanja maganizowo.

Zoti mubwereze: kusiyana kwa hashing ndi encryption (njira ziwiri zobisira deta), chifukwa chimene pasiwedi imathiridwa salt (zilembo zachisawawa zowonjezera) n'kusungidwa ndi bcrypt osati MD5, njira zothyolera mawebusaiti monga SQL injection, XSS ndi zina za mu OWASP Top 10, mndandanda wa ziopsezo khumi zazikulu pa mawebusaiti. Tengani nkhani imodzi muidziwe mpaka kumizu, monga ya bowo lachitetezo limene linapezeka mu pulogalamu ya Log4j mu December 2021, ndipo mudzifunse kuti usiku umenewo mukanayambira pati. Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, musaithawe. Amakonda kukupatsani fayilo ya ma log (kaundula wa zochitika pa sisitimu) kuti mulembe kapulogalamu kotulutsa ma IP (maadiresi a makompyuta) amene alephera kulowa kambirimbiri, iwo akuonerera.

Pali china chimene chimatigwetsa ife a kuno. Tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzikweza, ndiye akafunsa za vuto limene unathetsa timati tinachita, tinakonza. Iwo akufuna amve zimene munachita inuyo. Ku Amazon ali ndi mfundo za utsogoleri 16 ndipo mafunso ambiri otere amachokera m'menemo. Konzekerani nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi za kuntchito kwanu, ina ikhale ya tsiku limene munalakwitsa.

Nthawi muiwerengere bwino. Mu June, 10 koloko m'mawa ku California ndi 7 koloko madzulo kuno. Yanga yachiwiri ndinachitira kuno ku Dedza nthawi yomweyo, kukuzizira koopsa, bulangeti m'miyendo, pamwamba shati yositidwa. Magetsi anathima tili pakati pa funso la TLS. Chinandipulumutsa n'chakuti laputopu inali yodzadza, nyali ya sola ili pambali, foni ili ndi masimu awiri onse a bandulo. Ndinawauza kuti magetsi apita, ndipatseni mphindi imodzi, iwo anaseka n'kudikira.

Loweruka ndikhala pa boma. Ngati mungakwere minibasi, bwerani ndi laputopu ndidzakufunseni ola lathunthu mopanda chisoni. Kachewere wa ku Lizulu musaiwale.