Amalume, za nsomba ija ya m'mwala

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Mufakose? Chithunzi mwaponya m'gulumu ndachiona, mwala wobulungira wosweka pakati, m'kati muli nsomba ndi minga yake yonse. Mukufunsa kuti inalowamo bwanji, kapena anthu anachita kuumba. Ayi amalume, nsombayo sinalowe m'mwala. Mwalawo ndi umene unakula moikuta, ndipo unachokera m'kuwola kwa nsomba yomweyo.

Imvani. Nsomba ikafa m'nyanja yamchere imamira n'kukwiririka m'matope, kumene okosijeni ndi wochepa kwambiri. Mabakiteriya amayamba kuidya. Ena mwa iwo amapumira mchere wina wa m'madziwo wotchedwa sulfate, ndi omwe amatulutsa fungo la dzira lovunda, longa lija mumamva mukaponda matope akuda m'mbali mwa nyanja ya Chivero. Akamadya choncho, kaboni wa m'thupi la nsomba amasanduka kemikolo ina yosungunuka m'madzi yotchedwa bicarbonate, komanso mnofu wowolawo umatulutsa amoniya amene amachepetsa asidi pamalopo. Ndiye bicarbonate uja akakumana ndi kashiamu wa m'madzi a m'nyanja, zimagwirana n'kuuma. Mukuzidziwa zoyera zija zimakakamira m'ketulo tikamawiritsa madzi a pamjigo? Eya, ndi zomwezo. Zimamata matope ngati simenti, ndipo poti zimafalikira mbali zonse kuchokera pamtembopo, mwala umatuluka wobulungira.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi liwiro lake. Anthufe timaganiza kuti mwala uliwonse umatenga zaka zankhaninkhani, koma mu 2015 akatswiri a ku Nagoya University ku Japan anasonyeza kuti ina mwa miyala imeneyi inauma m'masabata kapena miyezi chabe. Pamene matope ena ankaunjikana pamwamba n'kupsinja zonse, nsomba inali kale m'bokosi lake lolimba. Zinzake zopanda bokosi zinaphwatalala ngati pepala. Ku Araripe, ku Brazil, kuli nsomba za zaka pafupifupi 110 miliyoni zofufuma bwinobwino, mamba ali pomwepo, zina mpaka chakudya chomaliza chikadali m'mimba. Tangoganizani!

Koma muwauze ana asakaswe miyala ya ku Epworth kufuna nsomba, ndawamva kale akupangana. Ijayo ndi granite, inachokera ku mwala wosungunuka pansi pa nthaka, mulibe chamoyo m'menemo. Ngati mwini chithunziyo mwalawo ali nawo pafupi, adonthezepo viniga pakona. Ukachita thovu pang'ono, ndiye kuti ndi wa mtundu ndikunenawu. Mundiperekere moni kwa azakhali, ndibwera Lamlungu.