Dzina Lalikulu Lili Apa, Makiyi Ali M'thumba la Wina

Mayi wina wophunzitsa Sande sukulu wandilembera imelo. Ana amufunsa chifukwa chake Luka akutchula Kaisara Augusto pa kubadwa kwa Yesu, kenako Tiberiyo Kaisara, ndipo akufuna kudziwa kuti mwa mayina a mafumu a ku Roma, Caesar, Augustus ndi Imperator, lamphamvu linali liti.

Mayi, funso lanu latokosa chilonda changa chakale, ndiye mundilole ndiyambire kutali.

Zaka zapitazo anthu kwathu anandisankha kukhala wapampando wa komiti yomanga mdadada wa sukulu. Tsiku limenelo nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Ndikamadutsa pamsika anthu ankangoti "a Tcheya, a Tcheya", pamaliro ankandiikira mpando pafupi ndi amfumu. Koma makiyi a chipinda chosungira simenti ankakhala m'thumba la bambo wina amene pamndandanda analembedwa kuti membala basi. Iyeyo ndi amene ankasaina kubanki pamodzi ndi msungichuma, iyeyonso ndi amene ankalipira amisiri Loweruka. Matumba atayamba kuchepa ndinafunsa pamsonkhano. Anandiyankha mwaulemu kwambiri, chipewa chili m'manja: "A Tcheya, inu mutitsegulire ndi pemphero, zinazi tiona ife." Mdadada uja unaima pamawindo kwa zaka ziwiri, ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo chala cha makolo chinkaloza ine chifukwa dzina linali langa. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Octavian, amene tikumudziwa kuti Augustus, Kaisara Augusto wa m'buku la Luka uja, zimenezi anazizindikira akadali mnyamata. Julius Caesar, amene anamulemba m'wilo kuti ndi mwana wake, anapatsidwa udindo wa dictator wamuyaya mu 44 B.C., ndipo pa 15 Malichi chaka chomwecho anzake a mu Senate, nyumba ya malamulo ya Aroma, anamubaya mpaka kufa. Aroma ankadana koopsa ndi liwu lakuti rex, mfumu. Choncho Octavian atagonjetsa adani ake onse anadzitcha princeps, kutanthauza woyamba pakati pa nzika zinzake. Anthu atamukakamiza mu 22 B.C. kuti akhale dictator, anakana.

Koma taonani zimene anatsekera m'thumba. Mu 27 B.C. Senate inamupatsa zigawo zimene kunali asilikali ambiri, monga Gaul (dera la France wa lero), Spain ndi Syria. Egypt, nkhokwe ya tirigu wodyetsa mzinda wa Roma, anaigwira yekha, moti phungu wa Senate sankaloledwa kupondako popanda chilolezo chake. Mu 23 B.C. anatula pansi udindo wa consul, umene kale unali wapamwamba kuposa onse, n'kulandira zinthu ziwiri zosamveka kukoma pozitchula. China ndi tribunicia potestas, mphamvu ya oteteza anthu wamba: kuitanitsa Senate, kubweretsa malamulo, kuletsa chilichonse chimene mkulu wina wagamula, ndiponso thupi lake kukhala losakhudzidwa. Chinzake ndi ulamuliro woposa wa bwanamkubwa aliyense m'zigawo. Makiyi ndi amenewo. Mafumu a pambuyo pake ankawerengera zaka zawo pa tribunicia potestas, ndipo Augustus pofuna kuonetsa womulowa m'malo anagawana mphamvu yomweyi ndi Agrippa, mkamwini wake, kenako Tiberius, Tiberiyo wa m'buku la Luka uja.

Ena amayamikira Augustus kuti anali wodzichepetsa. Ine ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse. Munthu wogwira asilikali, chuma ndi chakudya cha mzinda, n'kumauza akuluakulu kuti tonse ndife ofanana, ameneyo ndi wochenjera. Chipewa m'manja ndinachiona ndi maso angawa. Chimandipweteka n'chakuti aphungu aja anapitiriza kuvala mikanjo yawo ya mzere wofiirira, kumasankhana maudindo chaka ndi chaka, akudziwa kuti pamene pagona nkhani si pamenepo.

Ndipo asilikali akafuna ankaulula chinsinsicho poyera. Mu 69 A.D. mafumu anayi anasinthana chaka chimodzi: Galba, Otho, Vitellius ndi Vespasian. Mu 193 asilikali olondera mfumu anapha mfumu yawo Pertinax n'kugulitsa ufumu kwa wolonjeza ndalama zambiri, Didius Julianus. Senate inamupatsa mayina onse aulemu. Mkulu wa asilikali Septimius Severus atayandikira ndi magulu ankhondo a ku mtsinje wa Danube, Julianus anaphedwa m'nyumba yachifumu atangolamulira miyezi iwiri ndi masiku ochepa.

Tsono mayina aja

Augustus ndi limene linali pamwamba. Senate inalipereka kwa Octavian mu Januwale 27 B.C., tanthauzo lake wolemekezeka, wokhala ngati wopatulika. Palokha silinkapereka mphamvu iliyonse ya lamulo, koma linkasonyeza mwini mpando. Caesar poyamba linali dzina la banja chabe, kenako linasanduka la wodzalowa ufumu. Mfumu Diocletian anazikonza bwino mu 293 A.D.: ma Augustus awiri, iye ndi Maximian, pansi pawo ma Caesar awiri, Galerius ndi Constantius. Imperator linali mfuu ya asilikali kwa mtsogoleri wopambana nkhondo. Pontifex Maximus ndi mkulu wa ansembe, ndipo Augustus anadikira mpaka Lepidus, amene anali pa udindowo, atamwalira n'kuutenga mu 12 B.C. Pater patriae, tate wa dziko, unali ulemu chabe, Tiberius anaukana n'kulamulirabe mpaka 37 A.D.

Kwa ana anu, Mayi, auzeni kuti Kaisara ndi ngati mfunda, Augusto ndi dzina la pampando, ndipo Tiberiyo anali nawo onse awiri. Fufuzani pa intaneti chithunzi cha khobidi la siliva la Tiberius muwaonetse pa foni Lamulungu. Kutsogolo kuli nkhope yake ndi mawu akuti CAESAR ndi AVGVSTVS, kumbuyo kuli PONTIF MAXIM. Awerenge okha zilembozo.