Funsani Amalume: supavaiza sakupezeka, ndalama ya risechi palibe

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya pulojekiti ya chaka chomaliza ku koleji, nde ndasankhapo atatu, wa mwana wasukulu, wa kholo komanso wa mphunzitsi, poti onsewa akulira maliro amodzi.

FUNSO: Amalume, ndine mtsikana wa ku Kamwendo ku Mchinji, ndili chaka chomaliza ndipo ndikupanga zaulimi. Pulojekiti yanga ndi ya chuku cha mtedza poti kwathu kuno mtedza ndiye umatilipirira fizi, ndikufuna ndione ngati kaumitsidwe kamene alimi amachita kakuwonjezera chuku kapena ayi. Vuto ndi loti supavaiza wanga ali ndi ana ambiri, puropozo ndinawatumizira pa imelo padutsa masabata 7 osayankha, ndikapita ku ofesi ndimapeza mzere kapena akuti achokapo, ndipo ndalama yokayezetsa masampulo ku labu ndilibe. Anzanga akuti ingokhala pansi upeke manambala palibe angadziwe. Ndichite bwanji amalume, mutu wandiima. Wodandaula, Kamwendo.

YANKHO: Mwanangu, ndiyambire pa malangizo a anzakowo, usapeke manambala chonde. Mutu wasankhawu ukukhudza miyoyo ya anthu. Chuku chimene ukunenachi ndi nkhungu, makamaka ya mtundu wa Aspergillus flavus, ndipo imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka khansa, nde ganizira kuti nsinjiro timatendera ndiwo tsiku ndi tsiku, timathiranso m'phala la ana. Ku European Union salola kuti poizoniyu mu mtedza wodya adutse magawo 4 pa biliyoni, nchifukwa chake mtedza wathu umavutika kulowa misika imeneyo. Iwe ukalemba zopeka zoti njira yakutiyakuti ndi yabwino, mawa wina awerenga nkukaphunzitsa alimi a kwanu konko, amayi ako omwe.

Tsopano za asupavaiza. Masabata 7 ndi ambiri ndithu, kudandaula kwako nkomveka, koma udziwe mmene moyo wawo uliri kuti udziwe polowera. Munthu yemweyo akuphunzitsa makalasi odzaza, akuchonga mayeso, ali ndi ana a masitazi, komanso kuti akwezedwe pantchito amamuyang'ana mapepala amene wasindikiza m'majenolo, kuyang'anira iwe nthawi zambiri sikuwerengedwa kwenikweni. Nde ukamutumizira masamba 30 ndi mawu oti "onani bwana" zimangokhala pansi pa mulu. Tumiza masamba awiri okha, funso lako la risechi, zolinga, ndi njira imene utolere data, kenako ufunse mafunso awiri kapena atatu olunjika, oti angayankhe ali pa foni. Sonkhanitsanso anzako onse amene ali pansi pa supavaiza yemweyo mukapemphe ola limodzi masabata awiri aliwonse kuti azikuonani pamodzi, ambiri amavomera chifukwa zolakwa zanu zimafanana ndipo iwo amatopa kunena chinthu chimodzimodzi kakhumi. Mukatha kukumana lemba zimene mwagwirizana uwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Zikakanikabe pali kodinetala wa mapulojekiti, pali a hedi a dipatimenti, pita mwaulemu ndi masiku amene unatumiza zinthu, upemphe kuti akupatse wachiwiri wothandizira. Pa Facebook usakalembepo, sizikuthandiza.

Nkhani ya ndalama, chepetsa funso lako lifanane ndi thumba lako. Labu ndi yodula, koma zambiri zimene ukufuna ungazipeze ndi maso komanso kucheza ndi alimi. Kodi amaumitsa mtedza poyala pansi pa dothi, pa mphasa, kapena amaunjika mwa njira ija alangizi amaitcha Mandela cock? Kodi amawaza madzi pa makoko kuti kuswa kuphweke, poti chizolowezi chimenechi chimadziwika kuti chimabweretsa chuku? Amasankha wowola nkutaya kapena ndi umene umasanduka nsinjiro za pakhomo, wabwino nkupita kwa mavenda? Amasunga wosenda kapena wa makoko, matumba ali pansi kapena pa thandala? Kweshoneya yako uyiike pa KoboToolbox, pulogalamu yotolera mayankho pa foni, ndi yaulere ndipo imagwira ngakhale netiweki palibe, zosindikiza mapepala ambirimbiri wapulumuka. Kenako masampulo ochepa chabe ndi amene apite kokayezedwa, ndipo apa mpamene supavaiza akuyenera kukugwira mkono, chifukwa pa msewu wako womwewo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji pali Chitedze, malo a boma a kafukufuku wa zaulimi, pamenenso pali a ICRISAT ndi a IITA, mabungwe akunja a kafukufuku wa mbewu, anthu amene nkhani ya mtedza ndi chuku ndi yawo. Mwana wasukulu kungotulukira yekha pageti nkovuta, koma kalata ya dipatimenti kapena foni imodzi ya supavaiza imatsegula khomo. Afunse mosabisa kuti bwana, pali pulojekiti ina imene ikuyeza kale mtedza yoti masampulo anga angakwere nawo?

Kumudzi usalowe chozemba ngakhale ndi kwanu. Dzera ku ofesi ya zaulimi pa boma, uone alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ukapereke moni kwa amfumu, ndipo mlimi aliyense umufotokozere chimene ukuchita avomere yekha. Uyang'anenso kalendala, mtedza amakumba cha mu April ndi May, ukachedwa upeza wauma kale ndipo uzingomva za m'maluwa.

FUNSO: Amalume, ine ndine mlimi wa fodya ku Santhe, Kasungu. Mnyamata wanga ali ku yunivesite chaka cha folo, waimba foni kuti ndimutumizire K250,000 ya pulojekiti, akuti ina ndi ya thiransipoti ina ndi yokathokozera aphunzitsi omuyang'anira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, fodya sindinagulitse ku Chinkhoma, nde ndimafuna ndidziwe kodi zimenezi nzoona kapena mwanayu akundidyera? Bambo wa ku Santhe.

YANKHO: Bambo, pulojekiti ndi yoona, m'madigiri ambiri mwana samaliza popanda kuchita kafukufuku wake nkulemba lipoti, ndipo ndalama imalowadi, ya minibasi, ya kabaza, bandulo, kusindikiza ndi kumanga bukulo. Ngongole ya boma ija ya ana a ku yunivesite, ya bungwe la HESLGB, cholinga chake chachikulu ndi fizi ndi kumusunga mwana pasukulu, nde ambiri za kumunda amadalira makolo, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonsezi zinakwera.

Koma yothokozera aphunzitsiyo musatumize. Kuyang'anira mwana ndi ntchito imene anawalembera, ngati pali mphunzitsi amene akufuna kenakake kuti achonge chaputala ndiye ndi ziphuphu zimenezo, ndipo mwana akanene kwa a hedi kapena a Dean. Mwina mnyamatayo angomuwopseza anzake kuti ukapanda kutero sukhoza, mufunseni modekha osamukalipira.

Muuzeni akulembereni bajeti papepala, chinthu chilichonse ndi mtengo wake, asupavaiza aione, ndipo muzitumiza pang'onopang'ono molingana ndi gawo limene wafika. Mumufunsenso kuti bwanji osachitira kafukufukuyo kwanu konko kuti azigona pakhomo nkumadya nsima ya amayi ake. Kasungu mitu ndi yosatha, mitengo imene ikuthera m'zigafa ndi m'mabani a fodya, alimi amene akusiya fodya kulowa soya, midzi ya m'mphepete mwa Kasungu National Park imene ikulimbana ndi njovu chibwerereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Inuyo ndi anzanu a m'kalabu mukhoza kukhala oyamba kumuyankha mafunso.

FUNSO: Amalume, ndine lekichala, kwathu ndi ku Nkhamenya. Ndimawerenga ana akutidandaula koma mbali yathu simveka. Chaka chino ndapatsidwa ana 23 oti ndiwayang'anire pamwamba pa makosi anga, kukawaona kumunda ndimathira mafuta a m'thumba mwanga, ndipo pa fomu yokwezera pantchito zimenezi sizioneka paliponse. Ntchitoyi ndimaikonda koma ndatopa. Mukuona kwanu mayunivesite athu achitepo chiyani? Mphunzitsi wotopa.

YANKHO: Achimwene, zikomo polemba, ndipo ndikuvomerezani kuti ana 23 munthu mmodzi sangawayang'anire bwino ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Mukapatsa aliyense mphindi 30 zokha pa sabata ndi maola 11 ndi theka, kuwerenga machaputala awo musanayambe.

Chinthu choyamba sichifuna ndalama ya donala, ndi kuwerenga ntchitoyi ngati ntchito. Pogawa maola a kuphunzitsa m'dipatimenti, mwana aliyense woyang'aniridwa akhale ndi maola ake olembedwa, amene watenga ana ambiri amuchotsere kosi kapena matutoriyo, ndipo pakhale malire a chiwerengero. Pa fomu yokwezera pakhale poonetsa ana amene munawayang'anira mpaka kumaliza, komanso pepala limene mwasindikiza limodzi ndi mwana wa digiri yoyamba lizilemera. Chichokereni kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021 kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, kuphatikiza LUANAR, Mzuni ndi MUST, yunivesite iliyonse ili ndi khonsolo ndi seneti yakeyake, nde malamulo otere angasinthidwe pakhomo pomwepo osadikira ku Capital Hill. Koma amafunika alekichala alembe pamodzi kudzera ku komiti ya fakote, ndi manambala enieni a ana pa mphunzitsi aliyense, kudandaulira m'kholido sikufika ku seneti.

Chachiwiri ndi kathumba kakang'ono ka fakote. Risechi ya digiri yoyamba siifuna mamiliyoni, imafuna thiransipoti, mankhwala a mu labu, ndi mafuta oti supavaiza akafike kumunda ngakhale kamodzi. Gwero lilipo, magranti ndi makonsalutansi amene alekichala mumabweretsa yunivesite imadulapo gawo lake la ofesi, kachigawo ka pamenepo kakhoza kupita ku thumba limeneli, ana nkumapikisana ndi mapuropozo awo. Chimene ndimaumirira ine ndi nthawi yotulutsira, ndalama ya kafukufuku wa chimanga ikatuluka mu June ndiye kuti yapita pachabe, iziyendera nyengo ya kumunda osati ya ku akaunti.

Chachitatu chili m'manja mwanu. Mukamalemba puropozo yopempha ndalama, kaya ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la sayansi ndi luso la 2003, kaya ku RUFORUM ya ku Kampala, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa nkhani za ulimi, kaya kwa anzanu akunja, ikanimo mzere wa ana a digiri yoyamba awiri kapena atatu, ndi kandalama kawo. Funso lanu lalikulu mulidule zidutswa, ana asanu agwire mutu umodzi m'ma EPA osiyana, wina ku Chulu wina ku Chamama wina ku Kaluluma, ndi kweshoneya imodzi, nde inu mukuyang'anira ntchito imodzi m'malo mwa zisanu zosagwirizana, ulendo umodzi wa galimoto wakwanira onse, ndipo pamapeto data yake ndi yokwana pepala lenileni. Mayina awo alembedwe pa pepalalo chonde, izi zimandipweteka kwambiri ndikamva mwana anayenda wapansi m'midzi miyezi iwiri kenako dzina lake osaoneka ngakhale pothokoza. Ana a masitazi nawonso angathandize kuwerenga madirafuti oyamba a azing'ono awo, amaphunzirapo kuyang'anira, koma mawu omaliza akhale anu.

Alekichala atsopano nawo amangoponyedwa m'madzi, dzulo anali mwana wasukulu lero wapatsidwa ana 15, palibe anamuphunzitsapo kuti ndemanga imalembedwa bwanji kuti mwana akonze osati kugwa mphwayi. Chaka choyamba aziyang'anira limodzi ndi wamkulu.

Mayiko a African Union anagwirizana zoti aziika 1 peresenti ya chuma cha dziko pa kafukufuku, ndipo Malawi 2063 ikukamba za ulimi wamakono ndi mafakitale, nde amene adzachite kafukufuku ameneyo ndi ana omwewa ali pa mzere pakhomo la ofesi yanuwa. Malipoti awo asamathere m'kabati ya dipatimenti, aziikidwa pa intaneti ku laibulale ya yunivesite kuti wa chaka chamawa asabwereze zomwezo, ndipo tsamba limodzi la m'Chichewa lizibwerera kwa alangizi ndi amfumu a kumene data inachokera, chifukwa alimi a ku Mkanda ndi ku Santhe atopa kuyankha mafunso a anthu osabweranso.

Pakadali pano yesani kukumana ndi ana anuwo m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi Lachisanu lililonse, mundilembere temu ikatha mundiuze mmene zayendera. Ndipo ngati mu imelo yanu muli puropozo ya chuku cha mtedza yochokera ku Kamwendo, iyankheni sabata ino achimwene, April sali patali.