Kodi kukwapula mwana wosamvera n'koyenera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisatchule dzina lawo. Ali ndi mwana wamwamuna wa zaka zisanu amene wayamba makani, amamenya mlongo wake wamng'ono akamalimbirana zoseweretsa, ndipo akalakwa amakana kwamtuwagalu. Tsiku lina mayiwo atapsa mtima anam'kwapula ndi lamba. Mwanayo anakhala phee tsiku lonse, koma patangopita masiku awiri anayambiranso. Amuna awo akuti vuto n'lakuti mwanayo sakukwapulidwa mokwanira, ndipo amatchula lemba la Miyambo 13:24 lonena za ndodo. Funso lawo linali lakuti: "Kodi kukwapula mwana wosamvera n'kulakwa, kapena ndine amene ndikufewa mtima mopitirira?"

Mayi, yankho langa n'lakuti musam'kwapule. Ndikunena izi ndikudziwa kuti ambiri mwa amene awerenge nkhaniyi anakula ndi chikwapu ndipo amakonda makolo awo mpaka lero, choncho ndiyenera kufotokoza bwino chifukwa chake.

Umboni woyamba uli m'kalata yanu momwemo. Mwanena kuti mwanayo anakhala chete tsiku limodzi kenako anayambiranso. Umu ndi mmene chikwapu chimagwirira ntchito: chimaimitsa khalidwe loipa pa nthawi yomweyo chifukwa ululu ndi mantha zimam'gwira mwana msanga, koma sichimuuza chifukwa chake kumenya mlongo wake n'koipa, ndiponso sichimuonetsa choti achite akafuna choseweretsa chimene chili m'manja mwa mnzake. Chimene mwana wa zaka zisanu amatolapo n'chakuti ayenera kusamala kuti asagwidwe. Ndiye n'zosadabwitsa kuti akukana zolakwa zake, pakuti mwana amene akudziwa kuti kuvomera kubweretsa lamba amaona bodza ngati pothawira. Ndipo taganizirani zimene maso ake akuona: akumenyedwa ndi munthu wamkulu kuposa iye chifukwa choti iye wamenya munthu wamng'ono kuposa iye. Pakamwa mukumuuza kuti kumenya n'koipa, pomwe dzanja lanu likumuuza kuti wamphamvu akakwiya amamenya. Ana amamvera dzanja kuposa pakamwa.

Akatswiri afufuza nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka pafupifupi 50, wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anaika padera nkhani za kukwapula wamba ndi dzanja, osaphatikizapo nkhanza zoonekeratu. Anapeza kuti ana amene amakwapulidwa kawirikawiri ndi amenenso amakonda ndewu, amavutika maganizo, ndipo ubale wawo ndi makolo umakhala wosalimba, komanso sanapeze kuti kukwapula kumachititsa ana kukhala omvera m'kupita kwa nthawi. Ena amatsutsa kuti mwina ana ovuta kale ndi amene amakwapulidwa kwambiri, ndipo mfundo imeneyi ndi yomveka. Koma kafukufuku amene amatsatira ana omwewo kwa zaka zingapo, poganizira khalidwe limene anali nalo poyamba, wasonyezabe kuti kukwapula kumatsogolera ku makani ochuluka. Mu 2018 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linalangiza makolo kuti asamamenye ana, ndiponso asamawanyoze kapena kuwachititsa manyazi powalanga.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti iye anakwapulidwa koma anakula bwino. Ndimakhulupirira anthu otere, ndipo sindifuna kuti aliyense aone makolo ake ngati adani. Koma ndikawafunsa chimene chinawaumba, amatchula mayi amene ankawadikira mpaka abwere, bambo amene ankagwira ntchito molimbika iwo akuona, agogo amene ankawakhazika pansi n'kuwalangiza. Chikondi ndi chitsanzo ndi zimene zinawalera, ndipo anakula bwino ngakhale kuti chikwapu chinalipo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'mawu a amuna anu ndi ganizo lakuti mwanayo sakukwapulidwa mokwanira. Apa ndi pamene ngozi imayambira. Mwana amazolowera ululu, ndiye mbama imene inkam'liza chaka chatha lero imangom'pangitsa kuuma khosi, ndipo kholo limaona kuti liyenera kuwonjezera: kuchoka pa dzanja kupita pa lamba, kuchoka pa kamodzi kupita pa kasanu. Komanso tinene zoona, nthawi zambiri timakwapula tili okwiya, titatopa, kapena mwana atatichititsa manyazi pa anthu, ndipo munthu wokwiya sayeza mphamvu ya dzanja lake. Ana ambiri amene anavulazidwa ndi makolo awo anavulala pa nthawi imene khololo linkaganiza kuti likungopereka chilango.

Za lemba lija, sindikufuna kulimbana ndi chikhulupiriro cha banja lanu. Ndingokumbutsa kuti Baibulo lomwelo, pa Aefeso 6:4, limachenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo koma awalere m'malangizo, ndipo pa Salimo 23 ndodo ya mbusa ikutchulidwa ngati chinthu chotonthoza nkhosa. Chimene Miyambo ikudzudzula ndi kulekerera mwana, ndipo pamenepo ndikugwirizana ndi amuna anu ndi mtima wonse. M'mera mpoyamba. Mawu akuti kulanga ndi kulangiza ali ndi muzu umodzi, ndipo ndimaona kuti tinataya zambiri pamene tinayamba kumva kulanga ngati kumenya basi. Mayiko nawonso akhala akusintha: Sweden inaletsa kumenya ana ngakhale pakhomo mu 1979, ndipo lero mayiko oposa 60 anachita chimodzimodzi.

Tsono muchite chiyani mawa akamenyanso mlongo wake? M'gwireni dzanja modekha koma mwamphamvu, tsikani kuti maso anu alingane ndi ake, ndipo nenani mawu ochepa: pano sitimenyana. Yambani mwatonthoza amene wamenyedwayo, kuti womenyayo aone kuti nkhonya siim'patsa chidwi chanu. Choseweretsa chimene amalimbiranacho chichotseni mpaka mawa, ndipo iye akhale payekha pamalo opanda zosangalatsa kwa mphindi zisanu, pafupifupi mphindi imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake. Mtima wake ukatsika, m'phunzitseni mawu oti azinena akafuna chinthu, ndipo yesezani naye ngati sewero. Chovuta pa zonsezi n'chakuti muyenera kuchita chimodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale mutatopa, chifukwa chilango chochepa chimene chimabwera nthawi zonse chimaphunzitsa kuposa chilango chachikulu chimene chimadalira mmene mwadzukira. Musayembekezere kusintha m'masiku awiri. Mwina poyamba makani awonjezeka pamene akuyesa ngati mukunenadi zoona.

Pa nkhani ya bodza, m'patseni njira yosavuta yonenera zoona. Ngati mwaona ndi maso anu zimene wachita, musamufunse ngati wachita, chifukwa kumeneko n'kumuitanira ku bodza. Ingonenani zimene mwaona. Akavomera yekha, muyamikireni ndipo chilango chichepe. Muzimuyamikiranso mukamuona akugawana ndi mlongo wake, ndipo muzipeza kanthawi kokhala naye awiri, chifukwa ana ambiri amayamba ndewu akaona kuti wamng'ono walanda malo awo pamiyendo ya mayi.

Za lamba wa tsiku lija, mukhoza kumuuza mwanayo kuti munakwiya ndipo simunachite bwino kum'menya, ngakhale kuti iyenso analakwa kumenya mlongo wake. Zimenezi sizichotsa ulemu wanu. Amuna anu mukambirane nawo ana atagona, osati pa nthawi ya mkangano, ndipo muwapemphe kuti nonse muyese njira imeneyi kwa mwezi umodzi, malamulo anu akhale amodzi, kenako mukhalenso pansi n'kuona ngati kumenyana ndi mabodza zachepa. Mukadzatero mundilemberenso, chifukwa ndikufunitsitsa kumva mmene mnyamatayo akuchitira.