Za mnyamata amene amakusiyani pachitunda chilichonse

Imelo iyi inalowa Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Achimwene ena a ku Matawale ku Zomba, amene amapalasa njinga ndi anzawo Loweruka lililonse, akuti pagulu pawo pali mnyamata mmodzi amene amawasiya msewu ukangoyamba kukwera. Akufunsa kuti akatswiri a ku Ulaya amatani ndi munthu ngati Tadej Pogačar, katswiri wa mipikisano ya njinga amene amasiya anzake pazitunda, mwina pali nzeru yoti n'kuba kumeneko.

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Inenso ndinali naye wanga. Dzina sinditchula, chifukwa timakumanabe mumsika ndipo amandilonjera mwaulemu ngati sanandizunzepo. Anali wakabaza. Sabata yonse ankakoka anthu ndi matumba a chimanga pakaliyala, ndiye Loweruka akabwereka njinga yopepuka ija yamatayala owonda, kwa iye inali ngati pepala. Ife tinkabwera titatchena zothina za pakaunjika, mabotolo awiriawiri, magalasi kumaso. Iye kabudula wampira ndi nthochi ziwiri m'thumba, basi. Njira yathu inali yodziwika: kuchoka m'tauni kutsata msewu wa ku Blantyre mpaka pa Thondwe, kutembenuka, kubwerera, kenako kukwera phiri kukathera pa damu la Mulunguzi. Aliyense ankasonkha kangachepe, wopambana n'kutenga. Kunena zoona tinkangomusonkhera ya ndiwo.

Tsiku lina tinatopa nazo. Nkhanga zinapangana kusanapse, nafenso anayi tinakhala m'tiyirumu ina pa Mpondabwino, tiyi ndi mandasi patebulo, kujambula mapulani ndi chala pa madzi otayikira. Msuweni wanga, munthu wamtali wodziwa kutchova pamalo osalala, ndiye amayenera kuyamba kuthawa tikangotembenuka pa Thondwe. Wakabaza akamuthamangira, ife tingomata kumbuyo kwa tayala lake osamuthandiza. Akamupeza, athawe wina. Akamupezanso, wina. Ine ndinadziika komaliza, kuti ndidzathawe iye atafooka.

Ndipo zinayenda! Woyamba anamuthamangira, wachiwiri anamuthamangira. Ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwake, mapewa ayamba kugwedera, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Msuweni atathawa kachiwiri, mkulu uja sanadzuke pachishalo. Anasenda nthochi, nacheuka, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Msuweni akunka nachepa kutsogolo, malaya ake ofiira akuzimirira pakona.

Apa ndi pamene Satana anandilowa. Ndinaona msuweni akupambana, osati ine. Ndinamva kale mmene adzazifotokozere pamaliro aliwonse ndi paukwati uliwonse wa kwathu mpaka tidzakalambe. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse, ndinangozindikira ndili patsogolo, mutu pa handulo, ndikuswa mphepo, wakabaza ali phee kumbuyo kwanga akutafuna nthochi yake. Ndinamukoka mpaka tinamupeza msuweni patsinde pa phiri. Podutsa anandiuza kuti, "Zikomo kwambiri akulu," kenako sitinamuonenso mpaka pa damu. Msuweni sanandiyankhule mpaka Khirisimasi.

Ndafotokoza zonsezi kuti ndikamanena za ku Ulaya musaganize kuti n'zakutali. Mpikisano wa njinga wagona pa mphepo. Amene ali kumbuyo kwa mnzake amasunga mphamvu, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu pamalo osalala, ndipo liwiro likamakwera phindu lake limakulanso. Pachitunda chowongoka liwiro limatsika, mphepo sigwiranso ntchito kwenikweni, zimangotsala ndi miyendo ndi mapapo. N'chifukwa chake wamphamvu amakonda phiri: palibe pobisala. Ndiye mukamudikira mpaka paphiri, mwamupatsa kale chikho.

A timu ya Jumbo-Visma anazimvetsa izi pa 13 July 2022, pa gawo la 11 la Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France. Pogačar, mnyamata wa ku Slovenia, anali atapambana mpikisanowu mu 2020 ndi 2021, ndipo tsikulo anavala jezi yachikasu ya wotsogola mpikisano, Jonas Vingegaard wa ku Denmark ali kumbuyo ndi masekondi 39. Jumbo inali ndi atsogoleri awiri, Vingegaard ndi Primož Roglič. Roglič anali atagwa masiku angapo m'mbuyomo n'kugumuka phewa, koma anali adakali pafupi moti sakanangomulekerera. Kutatsala mtunda wautali, pakati pa mapiri a Télégraphe ndi Galibier, awiriwa anayamba kusinthana kuthawa. Roglič wapita, Pogačar wamuthamangira. Vingegaard wapita, wamuthamangira. Kangapo konse, ndipo pena iye mwini ankabwezera kuthawa, unyamata. Timu yake ya UAE inali itachepa kale, ena atatuluka ndi Covid. Pofika pa phiri lomaliza la Granon, makilomita 11 okwera koopsa, Vingegaard anathawa kutatsala makilomita ngati 5, ndipo Pogačar sanayankhe. Anafika jezi ili yotsegula pachifuwa, atataya mphindi 2 ndi masekondi 51, jeziyo n'kupita.

Anthu akamakamba za tsikuli amatamanda Vingegaard. Ine ndimayang'ana Roglič. Munthu amene anali atapambana Vuelta, mpikisano waukulu wa ku Spain, katatu motsatizana anawotcha miyendo yake yonse pa Galibier, nafika pamapeto mochedwa kwambiri, kuti mnzake atenge. Chimene ine ndinalephera pa msewu wa Thondwe chifukwa cha ndalama yosakwana ngakhale tayala latsopano.

Ndipo pano ndinena mosapsatira, ena akwiya akwiye. Ambiri amene amadandaula kuti uje ndi wosagonjetseka akunama. Sakulimbana naye ayi, akulimbirana malo achiwiri. Taonani zimene zinachitika pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Zurich mu 2024: Pogačar anathawa kutatsala makilomita 100. Mu September 2025 ku Kigali, koyamba mpikisanowu kuchitikira muno mu Africa, anachitanso chimodzimodzi, kuyambira pa Mont Kigali kutatsala mtunda woposa makilomita 100. Kenako anatsala munthu mmodzi payekha ndi mphepo, kumbuyo kuli gulu la akatswiri. Pamasamu sizimayenera kutheka. Koma gululo likafika pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense amayamba kuwerengera mnzake: ndikakoka kwambiri uyu andidutsa pomaliza, bola mendulo ya siliva. Amakoka mwachinyengo, theka la mphamvu, diso lili pa mnzake. Wamphamvu uja amadziwa zimenezi, ndipo akamathawa molawirira amadalira umbombo wa omutsatira kuposa miyendo yake. Wakabaza wanga atasenda nthochi ija n'kutiyang'ana, ankafufuza kuti wadyera ndi uti pakati pathu. Anandipeza.

Ya ku Kigali ndinaonera pa foni, magetsi atathima, bandulo ikutha ngati madzi m'dengu, ndipo chinandiwawa china. Mapiri amene aja sasiyana ndi athu ano. Rwanda ili ndi Tour du Rwanda chaka ndi chaka, Eritrea inatulutsa Biniam Girmay amene anatenga jezi yobiriwira ya wopeza mapointi ambiri pa Tour de France ya 2024. Ife anyamata amene amatsika ku Chawe m'mamawa ndi nkhuni zounjika kuposa mutu wawo, mabuleki ali chidendene pa tayala, palibe anawayezapo kuti pa njinga yeniyeni angachite zotani. Wakabaza wanga uja lero ali ndi njinga yamoto, mimba yayamba kutuluka. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Dyera lomweli nthawi zina limagwetsa wamkuluyo. Pa Giro d'Italia ya 2025, mpikisano waukulu wa ku Italy, tsiku lomaliza la mapiri, Isaac del Toro wa ku Mexico anali patsogolo, Richard Carapaz wa ku Ecuador wachiwiri, Simon Yates wa ku Britain wachitatu. Pa phiri la Finestre, limene kumtunda kwake msewu ndi wafumbi, Yates anathawa. Awiri aja anatanganidwa n'kuyang'anana, aliyense akuti koka ndiwe. Kuseri kwa phirilo kunali Wout van Aert, mnzake wa Yates, amene timu inamutumiza kutsogolo kuyambira m'mawa. Anamudikira, namukoka m'chigwa monse mpaka mpata unakula osabwezekanso. Yates anatenga Giro yonse, pa phiri lomwelo limene mu 2018 anataya mpikisano kwa Chris Froome. Atsogoleri awiri akamadyerana maso, wachitatu ndi amene amanyamula mbale.

Musandimve molakwa kuti nzeru zimagwira nthawi zonse. Visma yomweyo inayesanso kumutopetsa Pogačar pa Tour de France mu 2024 ndi 2025, ndipo Vingegaard anathera kumbuyo ndi mphindi zoposa 6, kenako zoposa 4. Mnyamatayo anaphunzira, sathamangiranso aliyense, ndipo timu yake inalimba. Amene anamugonjetsa mu 2025 anamugonjetsera pabwalo lawo. Mathieu van der Poel anamuposa pa Milan-San Remo ndi Paris-Roubaix mu 2025, mipikisano yopanda mapiri ataliatali, ina yodutsa m'misewu yamiyala kumene thupi lolemera limathandiza. Mattias Skjelmose pa Amstel Gold chaka chomwecho anagwirizana ndi Remco Evenepoel kumuthamangira mpaka kumupeza, kenako n'kumupitirira pamzere ndi kampata kochepetsetsa. Onani kuti pamenepo awiri aja anakokadi ndi mtima wonse, za kugawana anaziona atamupeza.

Nanga inu Loweruka likubwerali?

Choyamba achimwene, kambiranani za njira. Ngati nthawi zonse mumathera paphiri, mukusewera bawo pa bolodi lake. Nthawi ya mwera, June ndi July, pitani naye msewu wa ku Jali, kumene kuli kosalala ndipo mphepo imawomba. Kumeneko munthu wopepuka wokonda zitunda amavutika, ndipo atatu osinthana bwino kutsogolo angamusiye.

Ngati njira ndi yomweyo, musamukokere ngakhale mita imodzi. Yambani kuthawa kutali, osati patsinde pa phiri, ndipo othawawo akhale anthu amene iye akuwaopadi, chifukwa wofooka amangomusiya apite akadzipsere yekha. Thawani nthawi imene wangomaliza kuthamangira wina, kapena pamene dzanja lili m'thumba kufuna chakudya. Inuyo idyani msanga, musadikire njala. Ndipo musananyamuke gwirizanani za ndalamayo kuti aliyense wa inu akapambana mugawana mofanana, muuzane pamaso, makamaka ngati pagulupo pali wachibale.

Mukandilemberanso mundiuze kuti pa anzanuwo amene anayamba kukoka ndani. Msuweni wanga amawerenga tsamba lino, ndipo ndikudziwa kuti foni ilira usiku uno.