Tifunseni: ka Polo kathu kakafika kuchipululu cha Namibia?

FUNSO

Zikomo a Tifunseni. Ine ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma tikukhala ku Cape Town kuno. Mu July tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja ndiye bambo a kunyumba akuti chaka chino tisapite kumudzi, ana tiwasiye kwa achemwali anga ife tikaone chipululu ku Namibia awiriwiri. Anaona zithunzi za chiphompho chija amati Fish River Canyon, tauni ina yokwiririka mumchenga komanso milu ya mchenga wofiira ya ku Sossusvlei, ndiye akuti zonsezi tizione pa masiku 5 basi kuti ndalama zisathe. Galimoto yathu ndi ka Polo. Akutinso akufuna akatsike pansi pa chiphomphocho akajambulitse. Ine mtima uli m'mwamba koma ndikalankhula akuti ndine wamantha. Kodi ka galimoto kameneka kakafika? Nanga kumeneko kuli chani choti munthu mpaka kuonongera petulo yense ameneyu?

Mayi wodandaula, Cape Town

YANKHO

Mayi, choyamba alamu angawo muwayamikire, amuna ambiri zaka 10 zimakwana iwo osadziwa n'komwe kuti ndi mwezi uti. Ganizo lawo ndi labwino ndipo ka Polo sikolakwa ayi. Cholakwika ndi masiku 5 aja.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka ku Cape Town kudzera N7 kukafika pa boda ya Vioolsdrif, pomwe mumaoloka mtsinje wa Orange kulowa Noordoewer, ndi makilomita pafupifupi 680, ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, ndipo pamenepo simunaone kanthu, mwangogogoda pakhomo. Mukaphatikiza canyon, Lüderitz (pafupi ndi tauni yokwiririka ija), Sossusvlei ndi kubwerera, mwadutsa makilomita 3,000. Gawani ndi 5. Ndi makilomita 600 tsiku lililonse, ena mwa iwo pamsewu wa miyala, ndiye muzikaona nthawi yanji zomwe mwapitirazo? Mukabwerako mutaloweza dashibodi, misana ikuwawa, osalankhulana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada paja.

Anthu akwathu chimatipusitsa ndi mapu. Namibia ndi wamkulu pafupifupi ka 7 kuposa Malawi koma anthu ake ndi 3 miliyoni chabe. Kwathu ukayenda pang'ono pali trading centre, pali wogulitsa chimanga chootcha, pali mnyamata womata matayala pansi pa mtengo wa mango, galimoto ikafa anthu khumi abwera kudzakankha ngakhale sunawaitane. Kumwera kwa Namibia mutha kuyenda ola lathunthu osaona nyumba, osakumana ndi galimoto, netiweki itathawa kalekale, ndipo dzina lomwe pamapu lalembedwa ngati tauni mukafika mupeza pampu ya petulo, shopu imodzi ndi galu atagona pamthunzi. Grünau ndi choncho.

Ndiye ine ndikuti, ngati ali masiku 5 enieni, pitani ku canyon ndi ku Keetmanshoop mubwerere. Ngati angalole masiku 7 kapena 8, onjezani Lüderitz. Sossusvlei isiyeni, idzakhale ya chaka china, mchengawo suthawa.

Fish River Canyon ndi chigwa chomwe mtsinje unakumba m'miyala, kutalika kwake pafupifupi makilomita 160, pena kutambalala mpaka makilomita 27, kuya kwake mpaka mamita 550. Chodabwitsa n'chakuti sichioneka uli patali. Mumayenda pamalo athyathyathya ouma gwa, timiyala ndi tizitsamba, mpaka mumayamba kuganiza kuti anakunamizani, kenako mukadutsa geti ya pa Hobas ndi kuyenda makilomita 10 dziko limangothera pamapazi panu. Pansi penipeni mtsinje ukuoneka ngati ulusi wokhotakhota, ndipo mu July umakhala usakuyenda n'komwe, ndi timaiwe chabe. Ine tsiku loyamba ndinangokhala pansi, miyendo inakana. Kuli zii, mpaka umamva mphepo ikudutsa m'makutu. Pitani m'mawa kwambiri kapena dzuwa likupendeka, masana kuwala kumachuluka zithunzi zimatuluka zoyezuka ngati chitenje chakale.

Zotsika pansizo auzeni aiwale. Alendo a tsiku limodzi saloledwa kutsika. Otsika ndi okhawo omwe abukitsa ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 85 kuchoka ku Hobas kukatulukira ku Ai-Ais, masiku 4 kapena 5 chikwama kumsana, ndipo umatsegulidwa kuyambira May mpaka pakati pa September basi chifukwa miyezi inayo pansipo pamatentha kupitirira madigiri 40 komanso madzi amatha kusefukira mwadzidzidzi. Amafuna kalata ya dokotala ndipo gulu lisachepere anthu atatu. Inu muli awiri, ndiye nkhani yatha yokha, simufunikanso kukangana nawo, lamulo lakuyankhulirani.

Mukafuna kuona chigwacho muli m'munsi, kagoneni ku Ai-Ais komwe chimathera. Dzinali ndi la chi Nama, tanthauzo lake madzi oyaka moto, chifukwa kuli akasupe otentha pafupifupi madigiri 60 ndipo anamanga maiwe osambiramo omwe madzi ake ndi ofunda bwino. Pa anivesale ndi pamenepo mayi, osati pa chiwongolero.

Ku Keetmanshoop ndiko mukagule zinthu, kuli masitolo akuluakulu ndi petulo. Makilomita 14 kuchoka m'tauni kuli nkhalango ya mitengo yotchedwa kokerboom, ili ngati aloe wamkulu woima ngati munthu atakweza manja, ndipo anthu a mtundu wa San ankaboola nthambi zake kupanga zosungiramo mivi. Ola limodzi likukwanani, dzuwa likamalowa.

Tsopano Lüderitz, komwe ine ndimakukonda kuposa konse. Msewu wa B4 ndi wa tala yekhayekha, makilomita pafupifupi 335 kuchoka ku Keetmanshoop. Mukadutsa katauni ka Aus ndi makilomita 20 kuli malo otchedwa Garub komwe mahatchi akutchire amabwera kudzamwa madzi, opanda mwini, akhala m'chipululumo zaka zoposa 100. Kenako udzu umatha, kumatsala mchenga ndi miyala, mchenga wina ukuyenda kudutsa pamsewu ngati utsi, ndipo kutatsala makilomita 10 kuti mufike kunyanja mudzaona nyumba zikuluzikulu za chi German zitangoima paphiri la mchenga, mawindo ali pululu. Ndiyo tauni ija anaiona pa foni, Kolmanskop.

Mu 1908 wantchito wa panjanji dzina lake Zacharias Lewala akuchotsa mchenga ndi fosholo anatola kamwala konyezimira n'kukapereka kwa bwana wake August Stauch. Anali dayamondi. Bwana analemera, wotolayo dzina lake langotsala m'mbiri basi, zija timazidziwa kale. Posakhalitsa pamalo opanda dontho la madzi panamera tauni yokhala ndi chipatala, holo ya dansi, malo osewerera bowling, fakitale ya ayisi, madzi akuchita kubwera pa sitima ya panyanja kuchokera ku Cape Town komwe mukukhalako inuyo. Chipatalacho chinali ndi makina a X-ray, ndipo sanali ongoyezera mafupa othyoka ayi, ankaunikiranso antchito ngati ameza dayamondi. Miyala itachepa komanso atapeza ina yaikulu kumwera cha ku mathero a mtsinje wa Orange anthu anayamba kusamuka, pofika 1956 munalibenso munthu. Lero mchenga unalowa m'zipinda mpaka m'chiuno, pena umachita kuwerama kuti udutse pachitseko, bafa lili panja pamchenga, utoto wa buluu ukadali pakhoma. Mumalipira pemiti polowa ndipo pitani m'mawa, masana amatseka komanso mphepo ikayamba mchenga umaluma kumaso. Ine ndinaima m'nyumba ya manijala wa mgodi n'kumaganiza za nyumba zomwe matchona timamanga kumudzi osagonamo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Lüderitz yeniyeni ndi katauni ka nsomba komangidwa pamiyala, tchalitchi cha Felsenkirche cha 1912 chili pamwamba, mphepo yake yochotsa duku kumutu. Musatengeko zosambira poganiza kuti ndi ku Mangochi, nyanja ya kumeneko ndi yozizira ngati madzi a mufiliji chifukwa cha mkokomo wa madzi wa Benguela wochokera kumwera. Ndipo mukapita pa Shark Island pomwe anthu akhala akumanga matenti n'kumaotcha nyama, mudziwe pomwe mwaponda. Kuyambira 1905 mpaka 1907 asilikali a Germany anatsekerapo anthu a mitundu ya Herero ndi Nama, amayi ndi ana omwe, ndipo ambiri anafera pomwepo ndi njala, kuzizira ndi ntchito ya kalavulagaga. Dziko la Germany linadzavomera mu 2021 kuti zomwe linachita zinali kufuna kutheratu mitundu ya anthu. Si malo ongoseka ndi kujambula ma selfie.

Za ka Polo tsopano. Pa tala palibe vuto, ndipo misewu ya miyala yopita ku Hobas ndi Ai-Ais magalimoto ang'onoang'ono amadutsa kukakhala kouma. Chomwe chimagubuduza alendo ku Namibia si msewu woipa, ndi msewu wa miyala wooneka bwino, wotambalala, wowongoka, munthu n'kuponda 120 ngati ali pa N7, kenako kakona kapena kadzenje, waponda buleki mwamphamvu, galimoto yatembenuka. Musapitirire 80, pa ka galimoto kotsika ngati kanu 60 kapena 70 ndi bwino. Ine ndinaphulitsa tayala dzuwa lili paliwombo, kutsegula buti ndinapeza sipeya ilibe mpweya, tinakhala maola atatu ine ndi mayi a kunyumba tikuyang'anizana mpaka mlimi wina anatulukira ndi bakkie. Mawu omwe anandiuza mayiwo tsiku limenelo sindingawalembe m'magazini. Ndiye sipeya muione musananyamuke, jeke ndi sipanala muziyese pakhomo, mugule kapampu kolumikiza ku galimoto, ndipo muike malita 10 a madzi akumwa omwe simukuwakhudza pokhapokha zitavuta. Mukaona pampu ya petulo thirani ngakhale thanki ili theka. Kukayamba chisisira mukhale mutafika kogona, nthawi imeneyo ngoma ndi nyama zina zimadumphira pamsewu, ndipo ngoma ikagunda Polo wopambana amadziwika. Galimoto ikafa musaisiye n'kuyamba wapansi, khalani pomwepo.

Ngati muli ndi laisensi muzisinthana kuyendetsa, zoti mwamuna ndiye agwire chiwongolero tsiku lonse n'zomwe zimagonetsa anthu akuyendetsa. Akakana auzeni kuti a Tifunseni atero.

July ndi nthawi yabwino, masana kumafunda koma usiku kumazizira koopsa, ku Aus mpaka madzi kuuma, tengani majuzi ndi bulangete ngati mukupita ku Dedza mu June, kuonjezaponso. Ndalama musavutike kusintha, rand imayenda ku Namibia ndipo ndi yofanana mphamvu ndi dola ya kumeneko, koma chenji cha madola a Namibia muchithere konko chifukwa ku South Africa sachilandira. Pa boda mumalipira msonkho wa msewu wa galimoto yakunja, risiti yake isungeni, tengani mapepala a galimoto, sitika ya ZA kumbuyo, ndipo ngati ka Polo ndi ka ngongole mukatenge kalata ku banki yololeza kutuluka nako. Pasipoti ya Malawi sifuna viza pokacheza ku Namibia. Koma ichi ndinene mosabisa poti tikudziwana, onetsetsani kuti mapemiti anu okhalira ku South Africa ali bwinobwino nonse awiri, chifukwa amene anapitirira masiku ake akamatuluka amadindidwa kuti asalowenso kwa chaka kapena zaka zingapo, ndiye taganizani inu muli kutsidya kwa Orange ana ali kwa achemwali ku Cape Town.

FUNSO

Ife tili ku Lilongwe, ine ndi madam timafuna ulendo womwewu wa ku Fish River Canyon pa galimoto yathu. Zotheka kuchokera kuno?

Bambo wa ku Lilongwe

YANKHO

Zotheka achimwene koma si ulendo wa wiki imodzi. Mumatulukira pa Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, Sesheke, n'kuoloka Zambezi kulowa Katima Mulilo. Kuchoka apo kukafika ku Windhoek kudzera Rundu ndi makilomita pafupifupi 1,200, kenako ena 500 kukafika ku Keetmanshoop, ndiye kupita kokha mwadutsa makilomita 3,000, masiku 5 mukuyendetsa mwaulemu. Konzani masabata atatu, ndipo poti mukudutsa kale pa Livingstone gonanipo masiku awiri madam aone mathithi a Mosi-oa-Tunya. Inuyo Sossusvlei ili panjira yanu potsika kuchokera ku Windhoek, kudzera Solitaire pomwe pali petulo ndi magalimoto akale adzimbiri pabwalo. Kuchoka pa geti ya Sesriem ndi makilomita 60 a tala, koma 5 omaliza ndi mchenga wokhawokha, ngati galimoto yanu si 4x4 isiyeni pa paking'i mukwere ya eni malo. Pafupi ndi getiyo palinso ka canyon kakang'ono, kuya mamita 30, ndipo kameneko amalola kutsikamo wapansi.