Kodi kulipirira mnzako ngongole ndiye kudzipereka?

Mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe anandilembera imelo yokhudza sewero la ku Thailand lomwe amaonera pafoni, lonena za amuna awiri okondana, wina mwini kampani ndipo mnzake kalaliki wake. Akuti pagulu lawo la pa WhatsApp anthu agawikana. Ena akuti bwanayo anasonyeza kudzipereka pamene analipira ngongole ya kuchipatala ya amayi ake a kalalikiyo, pomwe ena akuti anangomugula basi. Mayiwo akufuna kudziwa amene akulondola.

Mayi, ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zakakamira pa ndalama, chonsecho pagona nkhani ndi pena. Kwa munthu wachuma, kulipira ngongole ya mnzake sikumupweteka, choncho sikungatiuze zambiri za mtima wake. Chofunika kufunsa ndi chakuti, kodi kalalikiyo atakana tsiku lina, ntchito yake idzakhalapobe, ndipo ngongole ija sadzamukumbutsa nayo?

Kwathu kuno banja limakhala ndi ankhoswe, ndipo mwamuna akayamba kudzimva chifukwa ndiye amabweretsa ndalama pakhomo, mkazi amadziwa kokadandaula, nkhani n'kukambidwa anthu atakhala pansi. Chibwenzi cha anthu awiri a m'sewerolo, monga mwachifotokozera, n'chobisika, ndipo chobisika chilibe nkhoswe, chilibe mboni, chilibe wodzudzula wamphamvuyo akalakwa. Ndi chifukwa chake owonera amakangana kwambiri za nkhani zoterezi, poti iwowo ndi amene amatsala akuchita ntchito ya ankhoswe. Kwa ife owonera tili ku Malawi nkhaniyi imalemera koposa, popeza gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo mu 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti malamulowa akhalebe. Ku Thailand zinthu n'zosiyana, chifukwa kuyambira pa 23 January 2025 anthu otere amaloledwa kukwatirana mwalamulo. Motero bwana wa m'sewero lanu, ngati nkhaniyo ikuchitika masiku ano, ali ndi njira yoonekera poyera, ndipo akaikana tiyenera kumufunsa chifukwa chake.

M'kalata yanu mwatchula mongodutsa malo ena omwe ine ndikuwaona ofunika kuposa ngongole ija. Mwati atakangana, kalalikiyo anasiya kiyi wa nyumba patebulo n'kubwerera kuchipinda chake cha lendi, ndipo m'mawa mwake atafika kuntchito anapeza desiki yake ili momwe anaisiyira, popanda kalata yomuchotsa ntchito ngakhale mawu oopseza. Apo ndiye pamene ine ndingayambire kumukhulupirira bwanayo, chifukwa mphamvu yobwezera anali nayo m'manja koma sanaigwiritse ntchito. Komabe sindingamuyamike msanga. Kaonereninso zigawo zotsatira, muone ngati anadzamutchula mnzakeyo pamaso pa makolo ake ndi anzake a bizinesi, pamalo pomwe iyenso akanataya ulemu ndi chuma.